Pafupi Ndi Bodza

Rodwell ananyamuka pa Boma dzuwa litalowa kale, chifukwa chodikira mankhwala a shuga a mwana wake Gloria. Kunyumba ku Misuku botolo linali litatha dzulo lake, ndipo mwanayo anali atayamba kufooka. Galimoto inali ya bungwe limene ankagwirako ntchito, yatsopano, yoyendera magetsi. Pepala la ogulitsa linkati ikakhuta moto imayenda makilomita 400. Masana anali atapita nayo ku Karonga n'kubwerako, koma kutsogolo kwa chiwongolero inkaonetsabe 140. Ulendo wa ku Misuku unali theka lake chabe. Iye sanali munthu wokayikira zolembedwa.

Atayamba zitunda, manambala anayamba kuyoyoka ngati mango akupsa. 90... 52... Anazimitsa wailesi. 17... Galimoto ija, yomwe sinkalira ngakhale ili moyo, inangoima. Zii!

Foni sinkagwira. Anaika botolo m'thumba la jekete nauyamba wapansi.

Nkhungu inali itatsika. Atayandikira mlatho wa matabwa anaona munthu wamtali ataima pakati pa msewu, atavala ovolosi, chigubu cha petulo m'manja.

“Yewo, adada,” anatero Rodwell ndi Chitumbuka chake chongotola, poti kwawo kunali ku Thyolo. “Ndathamangira kunyumba, kusukulu ya pamwambapo. Ndi pafupi tsopano, eti?”

“Pafupi ndi bodza la anthu okoma mtima,” munthuyo anayankha osamuyang'ana. “Galimoto yanu anaiyezera pachidikha. Phiri limadya kawiri.”

Rodwell sanali atatchulapo za galimoto.

“Pamlatho ayi. Mapazi zikwi zinayi, kudzera m'minda ya khofi. Tiyeni, mwana akudikira.”

Za mwananso sanatchule!

Miyendo inafuna kuthawa. Dzanja linakhudza botolo. Anatsatira.

Munthuyo ankawerenga chobwerera m'mbuyo, monga inkachitira galimoto, koma iye sankalumpha nambala. Ovolosi yake inkadontha madzi. Mvula kunalibe. Masamba ouma ankalira pansi pa nsapato za munthu mmodzi yekha...

“Mazana awiri.”

Fungo la matope a mumtsinje.

“Atatu... awiri... limodzi.”

Rodwell anadzutsa mutu. Chitseko chake! Atacheuka, nkhungu yokhayokha.

Mkazi wake Bessie analanda botolo osapereka moni. Atamubaya jakisoni mwanayo, anakhala pamphasa kumuyang'anira mpaka kupuma kwake kunakhazikika. Ndipo pamene anafunsa: “Inu bambo a Gloria, mwaoloka bwanji? Matabwa a pamlatho agwa madzulo ano.”

Rodwell anafotokoza zonse, ovolosi, chigubu, kuwerenga kuja. Bessie, wobadwira komweko, anagwira pakamwa.

“Amenewo ndi a Masiye, ankayendetsa ambulansi. Tsiku lina singano ya mafuta inawanamiza, galimoto n'kuima pachitunda chomwecho, wodwala ali m'kati. Pofuna petulo anafunsa njira, anthu akuti ndi pafupi waka, pafupi basi. Mdima unawapeza pobwerera, mtsinje utadzaza, madzi n'kuwakokolola. Tinawaika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ine ndinaimba nawo kwaya pamaliro. Chigubu chokha ndicho sichinapezeke.”

Panja china chake chinagunda simenti. Rodwell anatsegula chitseko pang'onopang'ono.

Pakhonde panali chigubu chadzimbiri, chikudontha madzi.