Makabudula atatu a Darius

Tsiku limene Tionge anakumana ndi Darius, anali atatunga kale madzi kawiri, atasesa pabwalo, atasoka fodya mpaka zala kuda, atasambitsa mwana wake Lucia n'kumubereka kumbuyo. Anaima pa siteji ya Mwase Lundazi kudikira minibasi ya ku boma, mapazi ali mbuu.

"Mayi, dzuwa likulimbana nanu bwanji, munthu wowala kale?" anatero mwamuna wina wokankha njinga yodzaza zitenje. Anali Darius, wamalonda wa ku Kasungu.

"Kuwala sikudyetsa mwana, bambo. Pitani."

Sanapite. Tikalata tinayamba kubwera ndi kondakitala. "Duwa langa, ukandikana ndidzagona pa malire mpaka mvula igwe." Kenako kena: "Shuga wa mtima wanga, Lucia ndi mwana wanga, ndidzamuphunzitsa mpaka amalize." Munthu amene anasiyira sukulu Giredi 8 chifukwa cha mimba, mawu otere akanawakana bwanji? Ankhoswe anapangana kuti chinkhoswe chidzachitike mu Julayi 1996, fodya akagulitsidwa.

Mu Epulo Tionge anapita ku Mphamba kukathandiza azakhali ake kukumba mtedza, ndipo anakhalako milungu isanu. Loweruka limene anabwerera, Darius anafika ndi mtolo wa zovala zoti amuchapire.

"Kondomu ya chiyani, mkazi wanga? Anthu otomerana sakayikirana," anatero usiku womwewo ali pamphasa, Tionge n'kulola.

Lamlungu m'mawa anamumva akubuula kuseri kwa chigafa cha fodya. Anabwerako atagwira m'chiuno.

"Mkodzo ukuwotcha ngati tsabola, mafinya akutuluka. Wanditengera chiyani ku Mphamba, Tionge?"

"Mwati bwanji?"

"Ndikawauza ankhoswe. Mkazi wa mwana wopanda bambo, ndinayenera kudziwa."

Tionge sanalire. Mawu amenewo akangofika kwa ankhoswe, mudzi wonse udzamuloza chala mpaka Lucia adzakule. Ananyamula mtolo uja kupita nawo kudambo, poti mutu wake umaganiza bwino manja akamagwira ntchito. Pansi pa malaya anapeza makabudula amkati atatu, onse ali ndi madontho achikasu kutsogolo, ouma gwaa ngati phala la dzana. Sanawachape. Anawakulunga m'pepala la pulasitiki.

Lolemba kutacha Tionge anamugwirira Darius njinga pakhomo.

"Kwelani. Ngati ndine ndakupatsani, adokotala akanene ine ndili pomwepo. Ankhoswe mukawauze pambuyo."

Ku chipatala analowa onse awiri. Adokotala anamuyeza Darius kuseri kwa katani, anapaka timafinya pa kagalasi n'kutumiza ku labu kuti akaone pa makina. Dzuwa lili paliwombo zotsatira zinabwera: chinzonono.

"Munagona ndi mayiwa liti?" anafunsa adokotala.

"Loweruka."

"Kuwotcha kunayamba liti?"

"Lamlungu m'mawa."

Adokotala anaika cholembera pansi. "Bambo, matenda awa saoneka usiku umodzi. Amayamba kuoneka pakapita masiku awili, mwina mpaka sabata."

Tionge anamasula pulasitiki uja, n'kuyala makabudula atatu pa benchi, mmodzimmodzi.

"Awa anavulidwa ine ndili ku Mphamba, adokotala. Milungu isanu. Kapena matendawa ndinawatumiza pa positi?"

Nesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Darius anangoti maso pa nsapato zake.

Adokotala anatulutsa timakadi. "Awa ndi oitanila aliyense amene mwagona naye, alandile mankhwala. Mayiwa ali pano kale. Mufuna angati?"

Ntchentche inazungulira pa windo.

"Limodzi," ananong'ona Darius. "Loyce, wa ku resitihausi ya pa malire."

Mtima wa Tionge unaphulika phwa, koma nkhope inakhala ngati mwala. Adokotala anamuuza kuti akazi ambiri samva kanthu ngakhale matenda ali m'thupi, choncho naye alandire jekeseni ndi mapiritsi, ayezetsenso magazi. Iye anapinda chitenje n'kulandira.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, Darius anagwada.

"Duwa langa, unali kutali, Satana anandipeza ndili ndekha. Ndikulumbira pa manda a mayi anga..."

"Asiyeni mayi anu agone. Mukanabwela kudzanena kuti ndachimwa, mwina tikanakambilana. Koma inu munadziwa kuti mukudwala, munandigona dala, kuti m'mawa mundisenzetse mlandu."

"Nanga chinkhoswe?"

"Khadi ilo mukapeleke lelo. Loyce naye ndi mwana wa munthu. Ankhoswe ndikawauza ndekha, ndi mawu a adokotala."

Anakwera minibasi osacheuka. Analira kuyambira pa mlatho mpaka pa siteji ya kwawo, n'kupukuta maso asanatsike, poti Lucia ankadikira bafa.

Zonse zinamudyera izi: tsiku lathunthu la kusankha fodya, nkhuku yoikira imene anagulitsa kuti akwere minibasi, tako lotupa masiku atatu, mapiritsi a sabata yonse, kusowa tulo mpaka zotsatira za magazi zinatuluka bwino, ndi mwamuna mmodzi amene iye ankamukonda ndithu. Dzina lake labwino silinapite nawo.