Madzi a Mchere mu Thanki ya Kraaiduin

Lachiwiri m'mawa, cha m'ma naini koloko, jenereta yachiwiri ya ku Kraaiduin inatsokomola n'kuzima.

M'chipinda choyang'anira makina munangoti zii. Wilhelmina Arendse, mkulu wa gulu logwira ntchito tsikulo, anatsitsa kapu yake ya khofi.

"Iyatseninso," anatero pa wailesi.

Anaiyatsa. Inalira pang'ono, inalavula utsi woyera, n'kufanso.

Kraaiduin ndi malo opangira magetsi a nyukiliya, m'mbali mwa nyanja yozizira, kumpoto kwa Cape Town. Pakati pake pali ng'anjo yokutidwa ndi chinyumba chobulungira cha simenti. Ng'anjoyo siili ngati mbaula. Ukaizimitsa, mkati mwake mumatenthabe kwa miyezi, ndipo mapampu ayenera kuithira madzi osalekeza. Mapampuwo amayendera magetsi ochokera ku mizere iwiri ya mawaya a kunja. Mawaya akaduka, pamatsala majenereta awiri a dizilo, iliyonse yaikulu kuposa basi.

Jenereta yoyamba inali yomasula mlungu umenewo. Amakaniko ankaikonza, zitsulo zake zili mbwee pansi. Lamulo limalola zimenezo kwa kanthawi kochepa, bola inzake ikhale yamoyo. N'chifukwa chake m'mawawo ankaiyesa yachiwiriyo.

Foni inalira. Anali a ozimitsa moto.

"Mayi Arendse, kuphiri kwabuka moto wa tchire. Mphepo ikuukankhira ku mawaya anu."

Wilhelmina sanafunse munthu. Anatembenukira kwa woyendetsa ng'anjo.

"Izimitseni."

Woyendetsayo anatembenuza swichi. Kutali, mkati mwa simenti, ndodo zozimitsira zinagwera mu ng'anjo zonse pamodzi. Pansi panagwedezeka. Kenaka kulira kwa makina opukusa magetsi, kulira kumene anthu a pamalopo anakuzolowera mpaka kuiwala kuti kulipo, kunayamba kutsika pang'onopang'ono ngati chilombo chikugona. Ena mwa anyamata a Wilhelmina anali asanamvepo bata lotere. Maso onse anali pa singano yosonyeza kutentha.

Ku nyumba ya majenereta, mkulu wa amakaniko, Ebrahim Solomons, anamasula sefa ya mafuta n'kukhuthulira m'beseni. Pamwamba panayandama dizilo. Pansi pake panali madzi. Ebrahim anaviika chala n'kulawa. Analavula. Pachala pake panamatirira mamba a nsomba.

"Mayi," anatero pa wailesi, "m'thanki muno muli nyanja."

"Nanga thanki ya jenereta yoyamba?"

"Imeneyo tinaidzaza kale, mafuta ake ndi abwino. Tikoka mapaipi kuchokera kumeneko, titsuke injiniyi."

"Mutenga nthawi yaitali bwanji?"

"Funsani mphepo kuti itipatsa yaitali bwanji."

Kaputeni Nolufefe Gxaba wa polisi ya Skulpiesrus, tauni ya asodzi yapafupi, anafika chakumasana, kumwamba kuli kofiira ndi utsi. Anali mayi wamfupi, wa mawu okhuthala. Anaonapo mitembo yambiri pantchito yake, ndipo sankachita mantha wamba.

"Ndiye mwandiitanira dizilo?" anafunsa. "Kunjaku anthu akubayana, mayi."

"Bwerani muone kaye," anayankha Wilhelmina.

Anamuveka chovala choyera n'kudutsa naye zitseko zachitsulo. Anafika pa dziwe lakuya, la madzi oyera mbee. Pansi penipeni panali mitolo ya ndodo, itandandalikidwa mwadongosolo. Kuchokera m'mitoloyo munkatuluka kuwala kwa buluu, kofatsa, kopanda nyale, kopanda lawi. Madziwo sankagwedezeka n'komwe.

Kaputeni anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri.

"Wayatsa ndani pansipo?"

"Palibe wayatsa. Ndodozi ndizo nkhuni za ng'anjo, tinazichotsamo miyezi yapitayo. Zinatha ntchito. Taziona mmene zilili."

"Madziwa akauma?"

"Sauma tsiku limodzi. Koma ng'anjo ili kuseriku siingadikire choncho. Mapampu akaima osadzukanso, inu ndi ine tidzakhala tikuuza tauni yonse kuti inyamule ana."

Nthawi yomweyo magetsi anaphethira. Belu linalira. Mzere umodzi wa mawaya unali utaduka. Unatsala umodzi.

Kaputeni atayankhulanso, mawu ake anali atatsika.

"Anadzaza thankiyo ndani?"

"Galimoto ya mafuta inabwera Lachisanu. Dalaivala wake ndi Desmond Kamfer. Wolandira mafuta ndi munthu wathu, Fanie Truter. Ndiye amatunga pang'ono kukayeza asanatsitse."

"Ndiye anayeza bwanji osaona madzi?"

"Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Wotunga pamwamba pokha saona kanthu. Lamulo limati utunge pansi pomwe, ndipo Fanie amalidziwa."

"Ali kuti?"

Alonda a pageti anati Fanie anatuluka jenereta itangozima. Anati mutu ukumupweteka.

Kaputeni anakulunga mamba aja m'kapepala n'kulowera ku doko la Skulpiesrus.

Padoko mphepo inkaulutsa mchenga. Mabwato anali atangobwera, ndipo nsomba za snuku zinali zitaunjikidwa pasimenti. Amayi ankazitumbula, madzi otsukira akuyenda m'ngalande, odzaza mamba. Wamkulu wa amayiwo, Anti Koekie, anamuona Kaputeni ali patali.

"Taonani boma! Lero mwabwera kudzagula, kapena kudzalanda?"

"Snuku yonseyi, Anti? Mwezi watha munkalira kuti amuna anu alibe mafuta ofikira kutali."

"Mulungu amapatsa."

"Mulungu amabwera ndi galimoto ya mafuta Lachisanu?"

Amayi ena anaseka. Anti Koekie sanaseke. Anapitiriza kutumbula.

"Ine ndimaona nsomba, mwana wanga. Za magalimoto sindizidziwa."

Kaputeni analoza kumpoto. Kupyola mchenga, chinyumba chobulungira chija chinkaoneka mbuu mu utsi.

"Dizilo ameneyo anali wa uko. M'malo mwake munthu anathiramo madzi a m'ngalande yanuyi. Moto ukudya mawaya. Makina oziziritsa ng'anjo atsala pa ulusi umodzi."

Mpeni wa Anti Koekie unaima. Anayang'ana chinyumbacho nthawi yaitali. Zaka zonse anachiona ngati phiri, chinthu chongokhalapo.

"Ambuye," ananong'ona. Kenaka anapukuta manja pa epuloni. "Ndi Des. Amaima kuseri kwa shedi, amatsitsira mabwato mafuta, n'kudzaza galimotoyo ndi madzi a m'ngalandeyi pa paipi yathu yotsukira. Fanie ndi mlamu wake. Anati mafutawo ndi otsala, palibe amawafuna."

"Ali kuti pano?"

"Wadutsa posachedwapa pa kapikapu kake, matiresi pamwamba, ana kumbuyo. Tinamukuwiza kuti, Des, wathawa ngongole ya ndani? Sanacheuke."

Msewu wotuluka mu Skulpiesrus kulowera kumtunda ndi umodzi, ndipo umadutsa m'munsi mwa phiri. Apolisi a pamsewu anali atautseka chifukwa cha moto. Kaputeni atafika, cha m'ma folo koloko, magalimoto anali atandondana. Moto unkatsika phiri ngati khoma loyenda. Nsanamira zazitali za mawaya zinkaoneka n'kubisikanso mu utsi. Ndege zinkamwaza madzi, ndipo madziwo ankathera m'malere.

Kapikapu ka matiresi kanali patsogolo penipeni. Dalaivala wake, mwamuna wonenepa wa kapusi yofiira, ankakangana ndi wapolisi.

"Tanditsegulirani, achimwene! Ndili ndi ana!"

"Aliyense pano ali ndi ana," anatero Kaputeni kumbuyo kwake. "Koma amene akunjenjemera ndiwe wekha. Ukudziwa chiyani chimene anzakowa sakudziwa, Des?"

Desmond Kamfer anatembenuka.

"Sindikudziwa kanthu."

"Fanie wakuimbira foni?"

Des anayang'ana mkazi wake m'galimoto. Mkaziyo anaphimba kumaso.

"Fanie anati majeneretawo ndi ongokongoletsa," anatero Des mothamanga. "Anati chiyambire malowo sanawafunepo. Anati madziwo akhala phee pansi pa thanki mpaka tonse tidzapume pantchito. Ndinalakwa chiyani kuposa ena? Dziko lonse limaba dizilo!"

Asanamalize, kuphiri kunang'anima kuwala koyera, kotsatana ndi kuphulika ngati bingu. Anthu anakuwa. Mawaya omaliza anagwera m'moto, akulavula nsakali.

Des anagwada pamsewu.

"Basi. Tafa."

Kaputeni anatulutsa foni. Inaitana kanthawi, osayankhidwa. Kenaka kunamveka mawu a Wilhelmina, akufuula pakati pa chiphokoso.

"Kaputeni! Mukumva?"

"Sindikukumvani bwino! Chikulira n'chiyani?"

"Ndi chimenecho ndikuti mumve! Ebrahim waidzutsa jenereta mawaya asanagwe. Yanyamula mapampu onse. Madzi akuyenda!"

Kaputeni anatseka maso. Kenaka anakweza mawu a foniyo n'kuiika pakhutu la Des. Munkamveka kugunda kwakukulu, kosadukiza, ngati mtima wa chinthu chachikulu kuposa munthu.

Des anamvetsera. Misozi inatsika, ikusiya mizere m'phulusa la pankhope pake.

"Ndi imeneyo?"

"Ndi imeneyo. Ikumwa mafuta amene sunawafikire."

Des anatambasula manja yekha. Kaputeni anamumanga unyolo, n'kuuza wapolisi kuti aperekeze mayi ndi ana kunyumba.

Fanie Truter anamugwira m'mawa mwake m'tchalitchi cha kwawo. Anali atakhala pa benchi yakutsogolo, atavalabe yunifolomu ya kuntchito. Sanakane kanthu.

Mlandu unazengedwa miyezi ingapo pambuyo pake. Loya wa awiriwo anati nkhaniyi ndi ya kuba mafuta basi, ngati milandu ina yonse ya mafuta. Woweruza, bambo wokalamba wodziwika ndi nthabwala, anapempha kuti akaone yekha malowo asanagamule. Anapita. Anaima pafupi ndi jenereta ija ikuyesedwa, pansi pakunjenjemera, ndipo anatulukamo atagwira chipewa m'manja.

Tsiku lachigamulo sananene nthabwala. Des anamupatsa zaka khumi ndi ziwiri. Fanie, amene ankadziwa chimene thankiyo imasunga, anamupatsa makumi awiri.

Akuwatsitsira kuchitokosi, mkazi wa Des anaimirira. Mmodzi anali mwamuna wake, winayo mchimwene wake. Anthu ankayesa kuti alira. Iye anangofunsa mofatsa:

"Fanie, ukutunga pamwamba paja, sunaione nyumba ya amayi athu kuchokera pathankipo?"

Fanie sanadzutse mutu.