Naima ndi Chisa cha Pansi pa Khonde

Naima anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Salima, m'mbali mwa nyanja. Nyumba yawo inali ndi khonde la matabwa. Khondelo linali lokwezeka, loima pa nsanamira. Mvula ikagwa, madzi ankadutsa pansi pake.

Pansi pa khondepo panali chisa. Chinali chisa cha anamzeze. Naima ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kudzaona ana a namzeze akuuluka.

Naima anaona chisacho chikumangidwa. Anamzeze awiri ankapita pa chithaphwi. Ankatapa matope ndi milomo yawo. Ankamata kadothi. Ankabwerera. Ankamatanso kadothi kena.

"Alibe manja," anatero Naima. "Alibe khasu. Koma amanga nyumba!"

Tsopano m'chisamo munali tiana titatu. Tinali ndi timilomo tachikasu. Make akafika, timilomoto tinkangoti yasa!

Koma khonde linali litakalamba. Mvula inaligwera chaka ndi chaka. Matabwa anamwa madzi. Anada. Anafewa. Ena anamera tibowa.

M'mawa wina, bambo a Naima anatuluka ndi kapu ya tiyi. Anaponda thabwa. Thabwa linangoti phwasu! Mwendo unalowa mpaka m'bondo.

Mayi a Naima anathamanga. "Mwavulala?"

"Ine ayi," anatero bambo. "Wavulala ndi tiyi wanga."

Mayi anaseka mpaka misozi. "Ndinakuuzani chaka chatha, bambo a Naima. Inu munati khondeli likadali mnyamata."

"Lero lakalamba," anavomera bambo, akuzula mwendo. "Tiliphwasule lonse. Timange latsopano mvula isanalimbike."

Naima anamva. Khonde likaphwasulidwa, nanga chisa?

Tsiku lotsatira kunabwera kalipentala. Dzina lawo linali a Lilian. Anachokera ku Chinguluwe pa njinga. Pambuyo pawo panali ngolo yodzaza matabwa atsopano. Kukhutu kwawo kunali pensulo.

"Odi kuno!" anatero a Lilian. Anayang'ana dzenje lija. "Abambo, kodi mumakumba chitsime pa khonde?"

"Tangotithandizani, amisiri," anatero bambo. "Andiseka kale mokwanira."

A Lilian anagogoda thabwa. Linati bu, bu.

"Lawola."

Anagogoda lina. Linati bu, bu.

"Lawola."

Kenako analowa pansi kukaona mitanda. Mitanda ndi mitengo yopingasa imene imanyamula matabwa. Anagogoda mtanda woyamba. Unati bu, bu.

"Wawolanso."

Naima anawagwira dzanja. "Anti, tabwerani muone."

Anakwawa onse awiri. Anafika pa mtanda wa kumapeto. Naima analoza. A Lilian anachiyang'anitsitsa chisacho.

"Awa ndiye amisiri," ananong'ona. "Alibe msomali. Alibe simenti. Taona mmene amatira!"

"Musagwetse nyumba yawo, Anti."

A Lilian anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mwana wanga, mtanda ukawola, uyenera kuchoka. Mtanda wowola ungagwetse iwe. Ungagwetse amayi ako."

Naima anafuna kulira. Koma sanalire. Anayamba kuganiza.

Anakhudza mtanda wina. Unali wozizira ndi wonyowa. Anakhudza winanso. Unali wozizira ndi wonyowa. Anakhudza mtanda wa chisa. Unali wouma!

"Anti, namzeze samanga ponyowa. Matope akanasungunuka. Taugogodani uwu."

A Lilian anapinda chala. Anagogoda patali ndi chisa. Mtanda unati ngo, ngo, ngo!

Anagogodanso. Ngo, ngo, ngo!

"Wamva?" anatero a Lilian. "Mtengo wolimba umalankhula chomwecho. Thabwa lalikulu lili pamwambali linausunga ku mvula. Thabwalo lichoka. Koma mtanda uwu utsala."

"Ndi chisa chomwe?"

"Ndi chisa chomwe."

Naima anatuluka akuthamanga. Anauza mayi. Anauza bambo. Onse anabwera kudzasuzumira.

"Mashallah," anatero mayi, potamanda Mulungu. "Tinali ndi alendo, ife osadziwa."

Ntchito inayamba. A Lilian anayambira kutali ndi chisa. Anachotsa matabwa owola. Anachotsa mitanda yowola. Anaimika nsanamira zatsopano. Anazipaka oyilo wakuda kuti chiswe chisazidye.

Kenako anayala matabwa atsopano. Ankanunkhira bwino. Anali oyera ngati mkati mwa chinangwa.

Naima ndiye ankapereka misomali. Anaona chinthu chodabwitsa. A Lilian sankagundanitsa matabwa. Ankasiya kampata pakati pake.

"Anti, mwaiwala. Mwasiya mpata."

"Sindinaiwale. Mpata ndi njira ya mvula. Mvula ukaitsekera njira, imagona pa thabwa. Ikagona pa thabwa, thabwa limawola."

"Ndiye mvula izingodutsa?"

"Izingodutsa, ngati mlendo waulemu."

Anakhoma thabwa, anasiya mpata. Anakhoma lina, anasiya mpata.

Atayandikira mtanda wa chisa, a Lilian anaika nyundo pansi. Anatulutsa misomali yopotokola.

"Pano sitimenya," anatero. "Tikamenya, chisa chigwa."

Anapotokola msomali. Unalowa mwakachetechete. Chisa sichinagwedezeke.

Panatsala thabwa limodzi. Linali lalikulu lija, la pamwamba pa chisa. A Lilian analinyamula mosamala. Linali lofewa kwambiri. Linaphwanyika m'manja mwawo.

Chisa chinaonekera. Tiana tinayang'ana kumwamba. Tinaona thambo kwa nthawi yoyamba.

"Pano sipafunika mpata," anatero a Lilian. "Pafunika thabwa lalikulu, lopanda mng'alu. Ndikalitenge kwa ocheka matabwa. Ndibwera msanga."

Anavindikira chisa ndi katoni. Anasanjikapo mwala. Anakwera njinga, napita.

Naima anakhala m'mphepete mwa khonde. Anayang'ana ku nyanja. Kutali kunada. Mitambo inali yaikulu ngati mapiri.

Kenako anaona mvula. Inkayenda pamwamba pa madzi. Inali yoyera. Inali yaitali, kuchokera ku mitambo mpaka pa nyanja. Inameza mabwato. Inameza chisumbu. Inkabwera, inkabwera.

Naima anangoti kukamwa yasa.

"Mvula!" anafuula mayi. Anathamanga kukaanula mpunga umene anayanika. Bambo anathamanga kukalowetsa zida za a Lilian.

Mphepo inafika poyamba. Inagubuduza mwala. Inanyamula katoni. Katoni inauluka kupita ku mchenga.

Dontho linagwera m'chisa. Linagwanso lina.

Chisa chinali cha matope. Naima anadziwa chimene madzi amachita ndi matope.

Analowa m'nyumba. Anatenga ambulera yofiira ya mayi ake. Anagwada pa matabwa atsopano. Anatambasula ambulera pamwamba pa chisa.

Mvula inafika. Inati waa! Inamenya denga. Inamenya khonde. Inamenya msana wa Naima. Koma m'chisa simunagwe dontho.

Tiana tinayamba kulira. Tsi, tsi, tsi! Tinkamva kuzizira. Tinkafuna make.

Make anali pa chingwe choyanikira zovala. Ankayang'ana chisa. Ankayang'ana ambulera. Ankaopa.

"Bwerani," ananong'ona Naima. "Ndine ndemwe. Musaope."

Namzeze anauluka. Anayandikira. Anabwerera. Anayandikiranso. Anabwereranso.

Manja a Naima anayamba kuwawa. Madzi ankatsika m'khosi mwake. Koma sanasunthe.

Bambo anatuluka. "Naima! Wanyowa! Lowa m'nyumba. Ndibweretsa lata tivindikirepo."

"Baba, chonde musasunthe. Akubwera."

Bambo anayang'ana mwana. Anayang'ana mbalame. Anatola mphasa pang'onopang'ono. Anaitambasula pamwamba pa Naima. Anaima nji.

Mayi anatuluka. "Kodi anthu inu mwatani?"

"Shh," anatero bambo.

Mayi anayang'ana mwana. Anayang'ana mbalame. Anatola beseni lalikulu. Analikweza pamwamba pa mutu wa bambo. Nawonso anaima nji.

Naima anafunditsa chisa. Bambo anafunditsa Naima. Mayi anafunditsa bambo. Onse anali phee.

Pamenepo namzeze anabwera.

Anadutsa pafupi ndi tsaya la Naima. Naima anamva kamphepo ka mapiko. Mbalame inatera m'mphepete mwa chisa.

Naima anali asanaonepo namzeze pafupi chotero. Msana wake unali wakuda, wonyezimira. Chifuwa chinali choyera mbee. Pamutu panali pofiirira. Kumchira kunali nthenga ziwiri zowonda ngati ulusi.

Namzeze anamuyang'ana Naima. Naima anayang'ana namzeze. Sanaphethire. Anaiwala kuzizira. Anaiwala manja ake owawa.

Kenako namzeze analowa m'chisa. Anatambasula mapiko. Anafungatira tiana tonse titatu. Kulira kunatha.

"Alhamdulillah," ananong'ona mayi, pothokoza Mulungu.

Mvula inagwa, inagwa. Kenako inayamba kuchepa. Inapitirira kumtunda, ku minda ya ku Maganga. Dzuwa linawala.

Belu la njinga linalira. Anali a Lilian, atanyowa thupi lonse. Thabwa lalikulu linali litamangidwa pa njinga. Anaima. Anayang'ana ambulera. Anayang'ana mphasa. Anayang'ana beseni.

"Ine ndapita kukatenga denga limodzi," anatero. "Ndapeza madenga atatu!"

"Fulumirani, amisiri," anatero bambo. "Denga lapakati latopa."

A Lilian anayeza thabwa. Analicheka. Anadikira kuti namzeze atuluke. Atatuluka, anagoneka thabwa pamalo pake. Anapotokola misomali mwakachetechete. Khonde linatha.

Mayi anam'pukuta Naima ndi chitenje chouma. Naima anayang'ana pansi. Pa khonde panalibe chithaphwi. Madzi onse anali atadutsa m'mipata.

Posakhalitsa ngumbi zinatuluka m'dothi. Zinali zambirimbiri. Mapiko ake ankanyezimira pa dzuwa. Anamzeze awiri aja ankazigwira m'mwamba. Ankalowa pansi pa khonde. Ankatuluka. Ankalowanso. Tsiku limenelo tiana tinakhuta.

Masiku anapita. Mvula inagwanso kambiri. Chisa chinakhalabe chouma. Tiana tinamera nthenga. Tinakula mpaka chisa chinachepa.

M'mawa wina, Naima anaitana. "Amayi! Baba! Bwerani msanga!"

Onse atatu anagona chafufumimba m'mphepete mwa khonde. Anazondotsa mitu. Anasuzumira pansi.

Kamwana koyamba kanali pa mlomo wa chisa. Kanakupiza mapiko. Kanadumpha. Kanauluka!

Kachiwiri kanakupiza mapiko. Kanadumpha. Kanauluka!

Kachitatu kanali kakang'ono. Kanafika pa mlomo wa chisa. Kanayang'ana pansi. Kanabwerera m'kati.

Make anadutsa akuitana. Kamwana kanatulukanso. Kanakupiza mapiko. Kanaima.

Naima anagwira dzanja la mayi ake. Analifinya.

"Pita," ananong'ona. "Pita, wamng'ono."

Kamwana kanadumpha. Kanatsika. Kanatsikabe. Kanatsala pang'ono kukhudza mchenga.

Kenako kanakwera!

Kanakwera kuposa khonde. Kanakwera kuposa denga. Kanakwera kuposa mtengo wa mango. Kanakapeza abale ake pamwamba pa nyanja.

Naima anadzuka. Anaombera m'manja. Anadumphadumpha pa matabwa atsopano.

Bambo anam'nyamula. Anamuika pa phewa kuti aone bwino.

"Chisa chatsala chopanda kanthu," anatero bambo. "Kodi wakhumudwa, mwana wanga?"

Naima anapukusa mutu. Analoza kumwamba.

"Ayi, Baba. Taonani kumene afika!"

Mayi anayang'ana. Bambo anayang'ana. Anamzeze asanu ankazungulira m'mwamba, m'mwamba kwambiri. Banja lonse linaima pa khonde, nkhope zili kumwamba, mpaka makosi anawawa.