Batani la Pansi Kumanja

Husna anali pa siteji ya Liwonde kudikira minibasi ya ku Balaka, uku akukalipira foni yake ngati ili ndi makutu.

"Amene anapanga pulogalamu iyi, nditangomuona!"

Mnyamata amene anaima pambali pake anasuzumira. "Yalakwanji, chemwali?"

"Taonani. Ndi ya alimi a nandolo, yopezera ogula. Mayi anga yawakanika, inenso yandikanika. Malangizo ake apa akuti dinani kabokosi, apa akuti kachizindikiro, uko akuti batani. Ndi zinthu zitatu kapena n'chimodzi?"

"N'chimodzi," anayankha mnyamatayo akukanda m'mutu. "Dzina langa ndine Yunusu. Ndinaipanga ndine."

Manyazi ake! Husna anasowa poyang'ana. Koma Yunusu anangophulika kuseka, ndipo pofika ku Balaka anali atamupempha kuti akaonane ndi abwana ake, a Goliati.

Husna analembedwa ntchito yolemba malangizo. Lamulo lake linali losavuta: chinthu chimodzi, dzina limodzi. Batani likhale batani kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Unene mawu olembedwapo, pamene lili, ndi chimene chichitike munthu akalidina.

Tsono anthu awiri akamaweramira foni imodzi tsiku ndi tsiku, mitu ikugundana, mukuganiza zimatha bwanji? Mauthenga anayamba kuthamangitsana.

"Duwa langa, wafika bwino?"

"Ndafika, wapamtima. Koma mabatani aja usawasunthe, ndamaliza kulemba."

"Wallahi, ndikulumbira, kuwala kwa maso anga, sindidzasuntha kanthu osakuuza."

Husna anawerenga uthengawo mpaka batire kutha.

Kampaniyo inali ndi mwambo wake. Malangizo akalembedwa ankakawayesa kwa alimi enieni, ndipo wolembayo ankaima chete, manja kumbuyo. Osathandiza, osaloza. Alimi akasochera, ndiye kuti wolemba walephera.

Anapita ku Nselema, kwawo kwa Husna. Mayi Kulusumu, wapampando wa kalabu ya amayi, analowetsa m'foni mayina onse a anzawo ndi matumba awo a nandolo. Kenako anawerenga mokweza: "Dinani batani la Tumizani, lomwe lili pansi kumanja."

Anadina pansi kumanja osayang'ana n'komwe, poti malangizowo anali asanawasocheretse pena paliponse.

Zonse zinafufutika! Pamalopo panali batani la Fufutani. Yunusu anali atasinthanitsa mabataniwo dzulo lake, ati kuti azioneka bwino.

"Husna, ntchito yako ndi imeneyi?" anakalipa a Goliati, pamaso pa amayi amene anamuona Husna akukwawa ali khanda. "Tidzabweranso sabata ya mawa. Zikadzatere, ntchito yatha."

Husna anayang'ana Yunusu. Yunusu anayang'ana nsapato zake.

Analira mwana wamkazi, analira mpaka maso kutupa. Foni nayo sinapume.

"Duwa langa, ndikhululukire. Ndabwezeretsa mabatani aja."

"Chandipweteka si batani iyayi. Unandisiya ndekha, iwe uli pomwepo."

Mauthenga ena onse amene anabwera pambuyo pake Husna sanawayankhe. Ayankhenji? Munthu woopa bwana kuposa misozi yako, ungamange naye banja?

Tsiku lija litafika, amayi anasonkhananso. Husna anaika manja kumbuyo. Mayi Kulusumu asanatenge foni, Yunusu anaimirira.

"Amayi anga, abwana, ndimvereni. Husna sanalakwitse. Mabatani ndinasuntha ndine, osamuuza, ndipo tsiku lija ndinachita mantha. Wochotsedwa ntchito ndikhale ine."

A Goliati anapukusa mutu. "Iwe ndi ine tikakambirana ku ofesi. Husna, pepa mwana wanga. Tiyeni, amayi, yesani."

Mayi Kulusumu anawerenga mzere ndi mzere, chala chikutsatira. Atafika pomaliza anayang'anitsitsa kaye, n'kudina. Foni inati, "Zatumizidwa." Amayi anaomba m'manja.

"Tsono achimwene," anatero Mayi Kulusumu akukonza mpango wawo, "mwana wathu mwamuliritsa sabata yathunthu. Kulira kuja si kwa ntchito kokha, ife ndi akuluakulu, timaona. Amalume ake mukuwadziwa?"

Yunusu anawerama mwaulemu. "Ndikufuna kukawaona Lachisanu tikatuluka ku mzikiti. Koma pokhapokha mwini wake atalola." Anatembenuka. "Husna, wapamtima wanga, ndipite?"

Husna anamusiya kaye kuti thukuta limutuluke. Zinamuyenera! Kenako anachotsa manja kumbuyo, n'kupukuta misozi, kumwetulira kukumukanika kubisa.

"Mvetsera bwino, sindibwereza. Ukadutsa chigayo, ukhotere kumanzere. Nyumba ya chitseko chofiira, pali mtengo wa mango pakhomo. Ukagogode, ukafunse amalume, a Sadiki."

"Ndikakagogoda, chikachitike n'chiyani?"

"Akakutsegulira. Ndiwauza lero."

Nthungululu za amayi zinamveka mpaka kumsika.