Akavalo Mazana Asanu a Papepala

Galimoto yofiira inalowa m'galaja ikubangula ngati yalumidwa ndi mavu. Munatuluka mnyamata wa magalasi akuda, akuzunguza makiyi pachala. Anzake ankamutcha Mphenzi, ndipo dzinalo ankalitchula yekha asanafunsidwe.

"Asisi, tandiitanirani bambo amene amayeza mphamvu za magalimoto."

Mtsikana wa ovolosi yothimbirira ndi girizi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi. M'galaja ya achimwene akeyi onse ankamutcha Namagiya. Dayino, makina oyezera mphamvu ya injini galimoto ikuthamanga pamalo amodzi, sankawagwira wina koma iye.

"Bamboyo ndine. Mukufuna chiyani?"

"Galimoto iyi ili ndi mphamvu ya akavalo mazana asanu! Ndikungofuna pepala loti ansanje aziwerenga."

Namagiya anaikweza pa dayino n'kuimanga ndi malamba. Anaponda mafuta pa giya yachinayi, tebo yopopera mpweya mu injini inaliza likhweru, matayala anazungulira mpaka malata a galaja ananjenjemera. Kenako anatembenuza kompyuta kuti mwini wake adzionere yekha.

"Mazana atatu ndi khumi. Enawo kaya mwawasiya kubusa."

Amakaniko anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Paipi ya tebo yang'ambika, mpweya ukuthawa," anapitiriza Namagiya. "Injini ikungomeza mafuta ngati chidakwa. Phokoso si mphamvu, bambo."

Mphenzi sanakwiye. Anavula magalasi aja n'kumwetulira.

"Ndanyozedwapo ndi anthu ambiri, koma ndi munthu wokongola chonchi, lero n'koyamba."

"Mawu amenewo mwauzapo angati sabata ino?"

Anatero Namagiya, koma nambala ya foni anamupatsa. Ati ya ntchito. Ntchito yake iti?

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa la m'galaja, wadzuka bwanji?" Masana wina: "Zala zako zakuda ndi girizizo ndi zimene ndidzaveke mphete." Namagiya ankawerenga atabisala kuseri kwa mulu wa matayala. Anyamata onse ankamutcha mwamuna mnzawo. Ndani anamutchulapo duwa?

Masiku a Sabata, galaja itatsekedwa, Namagiya ankakhalira kukonza galimoto yofiira ija. Anasintha paipi, anachepetsa mafuta, ankakweza mpweya wa tebo pang'onopang'ono, khutu lili tcheru kumvetsera ngati injini ikugogoda. Mphenzi ankangokhala pampando n'kumadzijambula, sipanala osaigwira n'komwe.

"Mazana atatu ndi makumi asanu ndi atatu," anatero Namagiya tsiku lomaliza, nkhope ikuwala. "Enieni, ofika kumatayala. Tikapitirira apa injini iphulika."

Mphenzi anamugwira m'chiuno.

"Wapamtima, papepalapo ulembe mazana asanu. Kodi pepala linaphapo munthu?"

"Pansi pa pepalalo pamakhala dzina langa ndi chidindo cha achimwene."

"Basi, ndamva. Sundikonda."

Masiku anayi foni inangoti zii! Namagiya chakudya sichinkalowa. Tsiku lachisanu anasintha manambala, anasaina, n'kudinda. Mphenzi anatulukira nthawi yomweyo ngati anali kuseri kwa chitseko.

"Mwezi wamawa ndikubwera kudzaonekera kwa makolo ako. Ndikulumbira, mkazi wanga ndiwe!"

Patatha masabata atatu, galimoto ija inalowanso m'galaja. Ankayendetsa bambo wa imvi, wovala tayi. Mphenzi anali pampando wa pambali, atafota ngati nkhuku yonyowa.

"Mwana wanga," anatero bamboyo, akutambasula pepala lija, "galimotoyi ndasinthana ndi mkamwini wangayu. Ndamupatsa yanga yatsopano, yoyenera banja, poti Loweruka likubwerali akukwatira mwana wanga. Ine magalimoto othamanga ndawayendetsa zaka makumi atatu. Pepalali likuti mazana asanu, koma ndikaponda mafuta thupi langa likukana. Tayezaninso."

Akukwatira? Loweruka? Namagiya anatembenuka. Anayang'ana Mphenzi. Mnyamatayo anakonza magalasi ake.

"Muli bwanji, asisi?"

Asisi! Munthu amene dzulo lomweli analemba kuti "ndakusowa, mtima wanga"!

Namagiya anakweza galimotoyo pa dayino. Anamanga malamba, anaponda mafuta, tebo inalira. Nambala inatuluka pakompyuta onse akuona: mazana atatu ndi makumi asanu ndi atatu.

"Thupi lanu silikunama, bambo. Pepalalo ndi labodza, ndipo ndinalemba ndine."

Achimwene ake anaika sipanala pansi.

"Iwe? Chifukwa chiyani?"

Namagiya anatsegula mauthenga a pafoni n'kuipereka kwa bambo uja. Bamboyo anavala magalasi owerengera. Anawerenga mosafulumira, uthenga umodziumodzi.

"Adadi, amenewo ndi macheza chabe," anayamba Mphenzi, mawu akutuluka opyapyala. "Mtsikanayu ndi amene ankandikakamira. Tamuonani nokha, ine ndingakwatire makaniko?"

"Adadi ako ndani? Tsika m'galimoto yanga. Makiyi a inayo ika apa. Miyendo uli nayo."

Mphenzi anatsika. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womuikira kumbuyo, koma amakaniko anangomupatukira ngati akudutsa ndi chinthu chonunkha. Anatuluka pageti wapansi, nsapato zake zoyera zikuponda m'madzi a oilo.

"Chidindo chija bweretsa," anatero achimwene ake a Namagiya, osakweza mawu. "Miyezi itatu dayino usaikhudze. Uzitsuka zitsulo."

Namagiya anapereka chidindocho osatsutsa. Anapita kuseri kwa galaja, ndipo kumeneko misozi inakhuthuka. Ankanyansidwa naye mnyamatayo, inde, koma nanga mtima unkawawiranji chonchi? Kulirira chitsiru chotere!

Dzuwa likupendeka, foni inalira. Nambala yachilendo. Anamva mawu a mtsikana, onjenjemera ngati akenso.

"Pepani, ndine mwana wa bambo amene anabwera ndi galimoto yofiira. Diresi ndatenga kale kwa telala. Chonde, musandibisire kanthu."

Namagiya anapukuta mphuno ndi mkono wa ovolosi, n'kukhala pa chitini cha oilo.

"Yambani mwakhala pansi, mnzanga. Nkhaniyi ndi yaitali."