Chifuwa cha Kassimu

Hanifa atatambasula dzanja kuti atape mchere, apongozi ake anamugwira pamkono.

"Usayerekeze," anatero Abiti Shaibu. "Ndiwo za mwana wanga ndizithira ndekha."

Hanifa anayang'ana zala zimene zinamukanikiza pamkonopo, kenaka nkhope ya mwini wake. Sanafunikire womasulira. Aliyense amene anakulira pakati pa akuluakulu amadziwa zimene mawu otere amanyamula. Amati mkazi akayenda njira zamseri n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadulika: chifuwa chosamva mankhwala, mutu wosatha, kuwonda. Achewa amati mdulo, kwawo kwa Abiti Shaibu ku Mangochi amati ndaka. Choncho m'mawu ochepa aja, Hanifa anali atatchulidwa kuti ndi wachiwerewere, m'khitchini mwake momwe, mwana wake Salama ali pomwepo akusenda tomato.

"Amayi, mukuti chiyani kwenikweni?"

"Wamva. Makutu uli nawo."

Kuseri kwa nyumba kunamveka chifuwa cha Kassimu, mwamuna wa Hanifa, chouma, chokoka ngati munthu akung'amba chiguduli. Abiti Shaibu analoza komweko ndi chibwano, n'kuthira mchere wawo, n'kuvundikira poto ngati akubisira mbala.

Zoti Kassimu akudwala, palibe amene akanatsutsa. Mwamuna amene kale ankanyamula yekha sipuling'i ya lole kuchokera pamsewu mpaka kunyumba tsopano ankapumira panjira popita kuchimbudzi. Iye anali wosula, monganso malemu bambo ake, ndipo chipala chawo, kanyumba kosuliramo kuseri kwa nyumba, chinali chodziwika m'Chinsapo monse. Makasu, nkhwangwa ndi zikwanje za Kassimu zinkagulidwa zisanazizire. Zitsulo ankakatola kwa amakanika ku Biwi, makala ankabwera panjinga kuchokera ku Dzalanyama.

Malemu aja pomanga chipalacho anasiya mbali imodzi yosamanga, ndiponso mpata waukulu pansi pa denga. Sanali opusa. Koma chaka cha 2006 makala anakwera mtengo chifukwa ankalandidwa m'misewu, ndipo Sharif, mng'ono wake wa Kassimu, anabwera ndi nzeru. Sharif anali munthu wa nzeru zambiri, zonse zoti anthu ena ndiwo azigwiritse ntchito. Anati mphepo ndiyo ikumaliza makala. Anati osula anzawo amasuzumira n'kumaba luso. Anatinso chitsulo chimaonetsa bwino kufiira kwake mumdima. Ndiye anaumba zidina n'kutseka mbali ija mpaka pamwamba, mpata wa kudenga n'kuutsekera masaka. Chipala chinasanduka phanga la khomo limodzi. Kassimu ankakhala pamoto tsiku lonse, pamene mwini nzeru ankayenda m'misika ndi katundu, akupuma mpweya wa Mulungu.

Hanifa anayamba kuona zinthu. Mwamuna wake ankatuluka madzulo maso ali psu, akudzandira ngati woledzera, pamene mowa sanaulawepo chibadwire. Akatentha mapaipi akale otulutsa utsi woyera, ankagona ndi malungo. Koma Lachisanu, tsiku lotseka chipala n'kupita kumzikiti, mutu unkamusiya ndipo ankadya bwino. Hanifa ananena zimenezi kangapo konse. Sharif anaseka.

"Alamu, za chipala muzisiyire amuna. Inu mumadziwa mbaula."

"Mbaula yomweyo sindiiyatsa m'nyumba yotseka," anayankha Hanifa, koma palibe anamumva.

Chimene chinamukhalira pamtima Hanifa ndi tsiku limene kunabwera munthu wa inshuwalansi. Sharif anali atamva kuti shopu ya wowotcherera zitsulo wina inapsa ndipo a inshuwalansi anamumangira ina, ndiye anaitanitsa bambo wina dzina lake Laws, wa tayi ndi chikwama. Bamboyo analowa m'chipala, osakhalitsa anatuluka misozi ikuyenderera, kampango kali pamphuno.

"Utsi umatulukira pati muno?" anafunsa.

"Pakhomo pomwepa," anatero Sharif.

"Ndiye mukatseka chitseko? Ayi abwana, malo otere kampani yathu singawalembe. Moto uli pafupi ndi masaka, mpweya palibe. Yambani mwaboola zenera, za inshuwalansi tidzakamba pambuyo."

Sharif sanamve za zenerazo. Anamukokera bamboyo pambali, pafupi ndi mpopi pamene Hanifa ankachapa, n'kutsitsa mawu pang'ono.

"Nanga ija ya moyo? Tinene kuti talembetsa achimwenewa, ndiye mwatsoka atisiya. Amalandira ndani, mkazi kapena abale?"

Kassimu anali ataima poteropo, atagwira khoma, akutsokomola. Hanifa anasiya kaye kuchapa. Munthu akupuma, mng'ono wake akumuyeza kale ngati mbuzi ya pamsika! Analavulira m'ngalande, n'kupitiriza kuchapa mwamphamvu mpaka kolala ya malaya inang'ambika.

Anamukakamiza mwamuna wake kupita kuchipatala. Anamuyeza makhololo, chifuwa chachikulu sichinapezeke. Anayezetsa magazi onse awiri, munalibe kachilombo. Adokotala anafunsa ntchito imene amagwira, ndipo atamva anati asiye kupuma utsi, apo ayi mapapo atha. Hanifa anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, akuganiza kuti tsopano zidina zija zigwa. Anaiwala kuti munthu amene wasankha kale wolakwa, umboni uliwonse umamuthandiza iye.

"Mwamva nokha," anatero Abiti Shaibu akuwomba m'manja. "Achipatala sanapeze kanthu. Matenda a Mulungu amaoneka pagalasi. Awa ndi matenda a m'nyumba."

"Anena za utsi, Amayi."

"Utsi? Bambo ake anasula mpaka imvi, utsi sunawaphe."

"Chipala cha bambo chinali chotsegula."

"Tamumvani! Akuphunzitsa ine za mwamuna wanga!"

Umu ndi mmene anafikira pa nkhani ya mchere ija. Ndipo sizinathere m'khitchini. Lachisanu lotsatira, anthu atabwerako kumzikiti, Abiti Shaibu anayala mphasa pabwalo n'kuitana ana awo onse awiri ndi mpongozi wawo. Mawu awo sanali a pamphasa, anali a pamsonkhano. Amayi oyandikana nawo anayamba kupeza zifukwa zoyanikira zovala pampanda.

"Unene pano!" anakuwa gogoyo. "Ndani amene ukuyenda naye? Kodi ndi uja wa makala amene umaseka naye pageti? Unene, tikapeze mankhwala, mwana wanga achire. Ukufuna umuike m'manda kuti utenge malo ano?"

"Wa makala ndimakangana naye mtengo, Amayi. Mumafuna ndizimulankhula nditatseka maso?"

"Mwaona mwano wake?" anatero Sharif. "Munthu wosalakwa salankhula chonchi."

Hanifa anatembenukira kwa mwamuna wake. Misozi inali itayamba kale kutsika, ndipo sanaipukute.

"Bambo a Salama, mukundidziwa. Lankhulani."

Kassimu anayang'ana zala za kumapazi kwake. Anatola kachitsotso n'kumakanda nako pansi. Anthu onse pampanda anadikira, naye Hanifa anadikira, koma chimene chinatuluka mwa mwamunayo ndi chifuwa basi.

Madzulo ake, ali awiri kuchipinda, Kassimu anamugwira dzanja.

"Mayi a Salama, ine ndikudziwa kuti sunachite kanthu."

"Ndiye pabwalo paja pakamwa panu panali pati?"

"Amayi ndi amayi. Ndiwatsutse pagulu? Tamvera, ungovomera. Unene kuti unalakwitsa kamodzi, atipatse mankhwala awowo, timwe, nkhani ithe. Mtendere ubwerere pakhomo pano."

Hanifa anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, n'kulipukuta pachitenje ngati wagwira chinthu chowola. Apongozi ake anamupweteka, mlamu wake anamunyansa, koma uyu anaposa onse. Munthu wodziwa choonadi, n'kumapempha mkazi wake adzipake matope kuti iye asakwezere mawu mayi ake!

"Ndivomere uhule kuti inu mugone bwino? Salama azikula akumva kuti mayi ake anavomera pamphasa?"

"Usakuwe, amva."

"Amve!"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma. Tsiku limenelo anagona kuchipinda kwa mwana wake.

Kutacha kunali chisanu choopsa cha mwezi wa Juni, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Kassimu sanathe kudzuka. Koma panali makasu amene wamalonda wina wa ku Nsungwi ankawafuna tsiku lomwelo, ndiye kwa nthawi yoyamba Sharif anavula jekete n'kulowa yekha m'chipala. Anakoleza makala, anapukusa gudumu la njinga limene linkapemerera moto, ndipo poona kuti mphepo ikumuwomba kumsana, anakoka chitseko n'kutseka.

Hanifa anali kuchipinda akulongedza zovala zake ndi za Salama. Anali ataganiza zopita kwa mchimwene wake ku Kawale. Nyundo inkamveka kuseri, kugunda kosakhazikika kwa munthu wosazolowera. Kenaka inayamba kuchedwa. Kenaka inasiya. Iye anapitiriza kupinda zovala, akudziuza kuti za pakhomo pano sizikumukhudzanso. Koma bata lija linatalika, ndipo manja ake anakana kupinda.

Anathamangira kuseri. Utsi unkatuluka pang'ono m'munsi mwa chitseko.

"Alamu! A Sharif!"

Zii.

Abiti Shaibu anatulukira ali ndi tsache m'manja. "Iwe, choka pamenepo! Mkazi wodetsedwa salowa m'chipala!"

Hanifa anakankha chitseko ndi phewa. Utsi unamumenya kumaso, wotentha, wonunkha. Sharif anali atagwa chafufumimba pafupi ndi mulu wa zitsulo. Anamugwira miyendo n'kumukwekweretsa mpaka panja, mutu ukugunda pakhomo, ndipo kunena zoona Hanifa sanadandaule nako kugundako. Gogo uja anataya tsache n'kuyamba kulira mokuwa, anthu n'kukhamukira m'bwalo. Wina anamuthira Sharif madzi, wina ankamukupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

Hanifa anabwereranso m'chipala atadzitseka pamphuno ndi mpango, n'kutuluka ndi nyundo yaikulu ya Kassimu. Anazungulira kumbali kuja kwa zidina. Anamenya koyamba, khoma linagwedezeka. Anamenyanso, akulira, akutukwana, mpaka zidina zinagumukira mkati ndipo utsi unatuluka wonse ngati ng'ombe zotsegulidwa m'khola. Anakwera pa dilamu n'kuzula masaka onse a kudenga.

Potsika anapeza Sharif atatsegula maso, akusanza pamapazi a mayi ake. Kassimu anali ataima pakhomo la nyumba, atafunda bulangete. Hanifa anaponya nyundo pansi.

"Amayi," anatero mokweza kuti a pampanda amve, "alamuwa alibe mkazi. Ndiwo mumawathirira mchere ndinu. Tiuzeni, wawadula ndani?"

Panamveka kung'ung'udza, wina anaseka osabisa. Abiti Shaibu anapukuta pakamwa pa Sharif ndi nsonga ya chitenje, osadzutsa mutu.

"N'chizungulire chabe," anatero. "Sanadye m'mawa."

Basi. Ndiwo anali mawu awo onse. Anyamata awiri anamukweza Sharif panjinga kupita naye kuchipatala, ndipo podutsa pafupi ndi amene anamutulutsa mu utsi, iye anayang'ana kumbali.

Hanifa anasamba m'manja, anamanga mpango wina, anasenza chikwama n'kugwira Salama padzanja. Palibe anamuletsa. Atafika pamsewu pokwerera minibasi, anamva kupuma kolemera kumbuyo kwake. Anali Kassimu, bulangete lake likukwekwereza fumbi.

"Mayi a Salama, dikira."

Anadikira. Mumtima mwake munali kachiyembekezo kakang'ono, ndipo anadzida nako.

Kassimu anacheuka kuyang'ana kunjira ya kwawo, ngati pali amene wamutsatira. Kenaka anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu la mkazi wake.

"Unkanena zoona. Undikhululukire. Tiye kunyumba, Amayi aiwala zimenezi pakapita masiku."

"Mukunong'ona?" anafunsa Hanifa.

"Anthu achuluka pano."

"Pondinamizira paja anthu analipo ochuluka kuposa apa, ndipo Amayi anakuwa. Bwererani mukaime pabwalo pomwe paja, muitane onse a pampanda, munene mokweza kuti mkazi wanu sanalakwe. Ndikudikirani pompano. Minibasi iyi ipite, ndikwera ina."

Kassimu anatsegula pakamwa. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwana wake, kenaka anacheukiranso kunjira ija. Mapazi ake sanasunthe.

"Mwina mawa," anatero motsitsa. "Lero Amayi asokonezeka ndi za Sharif."

Kondakitala anali akuitanira za m'tauni. Hanifa anamukweza Salama, anaponya chikwama pansi pa mpando, naye n'kukwera. Pawindo anamuyang'ana komaliza mwamuna amene anamukonda zaka zonsezi, ndipo sanamvenso mkwiyo, koma kunyansidwa kokhakokha.

"Chipala ndakutsegulirani, muchira," anatero. "Musadzabwere ku Kawale."

Kondakitala anakoka chitseko.