Mitu Iwiri M'chipewa Chimodzi

Adokotala anayang'anitsitsa mizere ya pa kompyuta, kenaka anavula magalasi n'kufunsa Chitsirizira funso lomwe linamuimitsa mutu.

"Kodi m'chipinda cha bambo anu mumagona anthu angati?"

"Awiri basi. Iwowo ndi amayi."

"Taonani apa. Kufikira pakati pa usiku, uwu ndi ubongo wa munthu wamkulu wabwinobwino. Kenaka mizere ikuduka, ndipo pobwerera ikuyenda mwaulesi, ngati ya munthu amene matenda oiwalaiwala amulowerera. Mutu umodzi suchita zotere."

Mizereyo inkachokera ku chipewa cha mawaya chimene achipatala anawaveka bambo ake dzulo lake, kuti chijambule mafunde a ubongo masiku atatu ali kunyumba. M'nyumbamo zinthu zinali zitayamba kudabwitsa: mpopi unkachezera kutaya madzi, makiyi ankapezeka m'firiji, ndipo bambo ankangoti, "Ndine, ndakalamba." Achimwene ake a Chitsirizira, amene amadziwa kulamula pafoni kuposa kubwera, anali atagamula kale. Matendawo akapezeka, bambo akakhala kwa iwo kutali komwe kuli wowasamalira, amayi atsala. Anthu oti akhala limodzi zaka makumi asanu!

Nkhani sigona. Pofika madzulo mayi woyandikana nawo anali atanong'oneza kale pa mpanda kuti makina amenewo amaona zimene maso saona, ndipo pali wina amene amabwera kudzagona m'mutu mwa mkuluyo. Chitsirizira anaseka, koma kusekako sikunafike pamtima.

Usiku wachiwiri magetsi anazima. Mdima unali bii, m'nyumba muli zii, kupatula wotchi ya pabalaza. Ali pakati pa tulo ndi maso, anamva bedi la makolo ake likulira pang'onopang'ono, kenaka mapazi akukwekwereza pansi, kenaka mawu otsika kwambiri obwereza chinthu chimodzimodzi. Sanadzuke. Anachita mantha ngati mwana, iye mayi wa ana atatu.

Kutacha anafunsa. Amayi anati anagona tulo tofa nato. Bambo anangoyang'ana m'kapu. Kuchipatala mizere inali yomweyo: mitu iwiri.

Usiku wachitatu Chitsirizira anakhala pansi m'khonde la m'kati, tochi ili m'manja, chitseko cha makolo atachisiya chotsekuka pang'ono. Kanyali kobiriwira ka pa kabokosi kojambulira kolumikizidwa ku chipewacho kankaphethira pafupi ndi pilo wa bambo. Anadikira mpaka msana unauma. Ndiye kanyaliko kananyamuka. Kanakwera m'mwamba mwakachetechete, kanadutsa pamwamba pa bedi, n'kukatsikira tsidya linalo. Mawu aja anayambanso, ndipo tsopano anawamva bwino.

"Asakutengeni. Ayeze wangawu. Asakutengeni."

Anayatsa tochi.

Amayi ake anali atakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa cha mawaya chili pamutu pawo chopendekeka, kabokosi atakafungatira pachifuwa. Chitsirizira anamva mpumulo, mwina n'kufuna kuseka kumene. Si mzimu ayi, ndi nkhalamba yobera mayeso, kubwereketsa mutu wake kuti mwamuna wake apezeke wopanda matenda.

Mpumulowo sunakhalitse. Anakumbukira kuti mizere yodwala inali iti.

"Amayi," anatero, "vulani chimenecho."

Amayiwo anatchinga kuwala ndi dzanja n'kumuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, monga momwe ankayang'anira alendo.

"Pepani mayi, ndinu ndani? Ngati mwabwera kudzawatenga, agona."

Bambo sanali mtulo. Maso awo anali otsegula, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo pankhope pawo panalibe kudabwa ngakhale pang'ono.

"Zimitsa tochiyo, mwanawe," ananong'ona. "Mawa ukawauze adokotala kuti mutuwo ndi wanga."